Ambuya Sesiliya ndi Mbuzi Imene Aliyense Anaiona

Pa maliro a ambuya Sesiliya, mwezi wathawu, a Mvula, tcheyamani wa khonsolo ya tchalitchi chathu, analankhula mpaka dzuwa linatiwotcha m'makosi. Anati malemu anali mayi wodzichepetsa. Anati sankakonda mikangano. Anati masikono awo anali ofewa kuposa a wina aliyense pamishoni pano. Ine ndinali kumbuyo ndi atsikana anzanga a kwaya, ndipo ndinaseka, kuseka kotulukira m'mphuno kuja, mpaka atate anga, amene amatiimbitsa, anatembenuka n'kundiloza chala. Masikono a ambuya unkatha kugendera galu.

Za mabuku amene ambuya ankalemba, a Mvula sananenepo kanthu. Mayi amene anatha zaka zambirimbiri akupha anthu papepala anakwiriridwa ngati wophika tiyi. Koma zimenezo ndikanazikhululuka. Ine ndinkadikira dzina limodzi. Ambuya anafa akupempha chinthu chimodzi chokha: munthu wa khonsolo aime pamaso pa mpingo, anene kuti ba Esinati, amene kale ankasesa tchalitchi chathu, sanabe mbuzi. A Mvula anali ndi maikolofoni m'manja, mpingo wonse uli pomwepo, bokosi lili patsogolo pawo. Anasankha masikono.

Sanali ambuya anga enieni, tinangoyandikana mipanda. Anachokera ku Katete ali mtsikana, nagwira ntchito yotayipa m'maofesi a ku boma ku Chongwe mpaka atapuma, koma zala zinakana kupuma nawo. Ankalembera m'galimoto ya malemu amuna awo, kavani kopanda mateyala kokhazikidwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankati pakhomo ponse chitseko chimene adzukulu ndi nkhuku ankachilemekeza chinali cha galimotoyo basi. Makina otayipira ankawaika pathabwa lotsamira chiwongolero, n'kukweza magalasi onse, thukuta kamukamu, ndipo ukamadutsa pamsewu unkangomva kukhokhomola ngati munthu akukhoma misomali ing'onoing'ono.

Mabuku awo anali timabuku topyapyala ta Chinyanja, tojambulitsa pa fotokope ku boma, tomangidwa ndi timawaya. Ankatinyamula m'dengu n'kumatigulitsa pamsika ndi m'maminibasi a ku Lusaka. M'tonsemo munali mai Zelipa, mkazi wonenepa wogulitsa mabisi, mkaka wosasa uja, panjinga ku Palabana, amene apolisi ankamunyoza mpaka tsamba lomaliza. Magazi ambuya sankawafuna. Munthu azifa mwaulemu, pakati pa mutu wina ndi unzake, apezeke atagona m'khola la ng'ombe chipewa chikadali kumutu. Ankati wowerenga amafuna mantha ang'ono, ngati a galu wouwa kutali, osati mantha omulepheretsa kudya. Ndipo buku lililonse linkatha chimodzimodzi. Mai Zelipa aitana onse, awathirira tiyi, afotokoza mwakachetechete, wolakwa agwetsa kapu, dziko libwerera m'malo mwake.

Lamulo lawo lina ndilo linandilowetsa ine m'nkhaniyi. Sankalemba chinthu chimene sanachione chikutheka. Nditangoyamba sekondale ndinalowetsa nanzikambe m'chikwama cha akatekisiti, ndipo ndikubwerera ndinamva galasi la vani likugogodedwa.

"Iwe kaponya, bwela kuno," anatero ambuya, akunditcha dzina la anyamata ovuta a pasiteshoni ya basi.

Ndinapita ndikukonza kale misozi yabodza.

"Ndiwe mwana wa ba kwaya, si ndiwe? Zina?"

"Taonga, ambuya."

"Taonga, uyenda monga kawalala. Khosi yako siikhala pamodzi. Ukafaka chinthu mu chola cha munthu, uyende monga akutuma."

"Simuzakamba kwa atate?"

"Nikambe chani? Nili na nchito yako. Uziba kukwela pa windo na chitenge?"

Ndinkadziwa. Kuyambira pamenepo ndinakhala chigawenga chawo. Ndinathira madzi m'chigubu cha mkaka mwini wake akupatsana moni ndi ambuya, kuti tione ngati moni wa ku Katete ndi wautali mokwanira. Ndi wautali, ungathiremo mtsinje. Tsiku lina anandikoketsa thumba la chimanga kuchoka pachitsime mpaka kudimba, pofuna kudziwa ngati mkazi woonda angakoke mtembo wa mwamuna wake popanda kuluza nsapato. Ine ndikupuma wefuwefu, iwo akuyenda pambuyo ndi pensulo, akuyang'ana mzere wa pansi, kenaka n'kunena kuti sizingatheke, ayenera kumunenepetsa mkaziyo kuyambira mutu woyamba. Malipiro anga anali tiyi ndi mwala wa sikono.

Za kusakonda mikangano zija, a Mvula akanafunsa mnyamata wa fotokope. Anasokoneza masamba, wakupha n'kuululika pakati pa buku, ndipo ambuya anamukhalira pakhomo la shopu tsiku lonse akuuza aliyense wolowa kuti m'menemo amaphika ndiwo asanaphe nkhuku. Mwana wawo wa ku Lusaka ankawauza kuti alembe m'Chingerezi kuti mabuku alowe m'masitolo akuluakulu. Iwo ankayankha kuti mai Zelipa sanapite kusukulu, sangayambe Chingerezi atakalamba chifukwa cha iye. Koma mkangano waukulu unali ndi amake Chisomo, mtsogoleri wa amayi a mumphakati wathu, amene anazindikira katsokomoledwe kawo ndi kabisidwe kawo ka shuga mwa mayi wina wothira mankhwala a makoswe m'thobwa. Anabwera chitenge chili m'chiuno, akutukwana kuyambira kumsewu. Ambuya anatsitsa galasi pang'ono n'kuwauza kuti akondwere, kwa nthawi yoyamba papezeka munthu wowamvetsera bwinobwino.

Komabe Lachinayi lililonse, mapemphero a mphakati akatha, amayi aja ankabwera, amake Chisomo ali patsogolo. Ambuya ankawawerengera mutu watsopano n'kufunsa kuti wapha ndani. Amayi ankakangana, kuloza, kulumbira. Amene amuloza, ambuya ankamumasula, n'kukasintha buku lonse kuti wakupha akhale wina. Umo ndi m'mene ankapezera mathero. Nthawi ina anandiululira kuti ntchitoyi ndi yosavuta, chifukwa amayi aja amaloza munthu mmodzimodzi nthawi zonse: wobwera, wopanda abale, wosaseka pagulu. Ukamuika wotero m'mutu wachiwiri, owerenga onse amathamangira komweko, wakupha weniweni n'kumadutsa pakati pawo akuimba nyimbo. Ankanena zimenezi monyadira, ngati mmisiri akuonetsa chida chake.

Mwezi wawo womaliza, miyendo itatupa, anandikumbutsa mawu omwewa ali chigonere. Kunyada kunalibe. Anati pamishoni ponse munthu amene ankadziwa bwino kumene chala cha anthu chimathamangira anali iwo, ndipo tsiku la mbuzi sanafunse kuti waimanga pamtengo ndani. Sindinawatonthoze. Zinali zoona.

Mbuzi ija inali ya Lamulungu la masika, tsiku limene mabanja amapereka chimanga, maungu, nkhuku ndi mkaka kuguwa. Mlimi wina wa ku Palabana anabweretsa mbuzi yoyera, yonona, yoti itsogolere mdipiti wa zopereka. Ambuya nthawi imeneyo anali atakakamira pa mutu wina. Ankafuna kudziwa ngati chiweto chingachoke pakati pa khamu masanasana popanda wofunsa. Tinagwirizana kuti ndiitenge pa ulaliki, ndiibweze mdipiti usanayambe.

Woimanga pamtengo wa mango anali ba Esinati. Anabwera kuchokera kuchigwa cha Luangwa amuna awo atamwalira, analibe wachibale pamishoni, ankasesa tchalitchi, kuchapa nsalu za paguwa, n'kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa holo. Sankaseka pagulu chifukwa mano akutsogolo anali atawathera.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza mpaka anthu ena kukhala panja, pamabenchi ndi pamphasa. Ndinatuluka mu yunifolomu yanga ya kwaya, ndinamasula chingwe, n'kuyenda pakati pawo pang'onopang'ono ngati wotumidwa, ndikugwada apa ndi apo.

"Uigwile bwino, izakugwesa," anandinong'oneza amake Chisomo, akukoka miyendo kuti ndidutse.

A Mvula anali ataima panjira ndi njinga yawo. Anaisuntha okha. "Pita, mwana wanga."

Ndinaitsekera m'vani ya ambuya n'kubwerera mtima ukuvina. Ndinawapeza pabenchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pensulo ili m'buku la nyimbo.

"Yatheka, ambuya. Nibweze manje?"

"Yembekeza pang'ono. Nifuna kumvela vamene azakamba."

Ndiye anakambadi. Mdipiti unaima, ng'oma zinazima, anthu n'kuyang'ana chingwe chosaoneka pamtengo wa mango. Misa isanathe dzina linali litayenda kale benchi ndi benchi. Itatha, anyamata anathamangira kuseri kwa holo, anaponya panja matiresi, ndowa, chikwama cha zovala. Anapeza mphika wa nyama, ya ng'ombe, imene masisitere anawapatsa ba Esinati dzulo lake. Mphikawo unayenda m'manja. Amuna akuluakulu, oweta ng'ombe chibadwire, ankaununkhiza mmodzimmodzi n'kugwedeza mutu kuti eedi, mbuzi imeneyi. Ba Esinati anangokhala pansi m'fumbi, manja kumutu, akubwereza kuti anaimanga bwino.

Ambuya anaima pansi pa mtengo akulemba. Ndinawakoka chitenge. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, tiibweza madzulo, mawa aitana onse ku tiyi ndipo zonse zilongosoka. Ankakhulupiriradi zimenezo. Anali atazilongosola kambirimbiri papepala.

Dzuwa litapendeka ndinakaimanga pamtengo womwe uja, anthu atabalalika. Mawa lake mishoni yonse inadzuka ndi nkhani yoti Esinati wachita mantha, wabweza mbuzi. Za mphika uja palibe anakumbukanso. Munthu yemweyo anali ataiphika mbuziyo ndiponso ataibweza yamoyo, ndipo palibe mutu umene unapweteka nazo.

Ku tiyi anabwera onse, a khonsolo, amayi a mphakati, ndi atate anga. Ambuya anavala duku latsopano. Anathira tiyi m'makapu a alendo, anafotokoza kuyambira pachiyambi, mwakachetechete, monga mai Zelipa. Anawatsegulira vani kuti aone ndowe pampando ndi pepala lotafunidwa ngodya. Atamaliza wina anaomba m'manja.

"Ambuya, mutima wanu ni wabwino," anatero a Mvula. "Mufuna kumupulumusa. Koma iyi si buku."

"Nanga ndowe izi?"

"Mbuzi zili paliponse, ambuya. Na ine nili nazo."

Ndinaimirira. "Ndine ninatenga! Ba Mvula, si imwe munachosa njinga kuti nipite?"

"Iwe?" A Mvula anaseka mpaka tiyi kutayikira m'mbale. "Si ndiwe unatiuza kuti ba Bishopu afika, tinasesa musewo wonse mpaka ku mulatho?"

Anthu anafa nacho chiseko. Zoona, ndine ndinawasesetsa msewu, ndipo mpaka lero ndimaiwerengera pa ntchito zanga zabwino.

"Amake Chisomo," ndinatero, "munakamba kuti niigwile bwino."

"Ine ninali kupemphela, mwana iwe. Sininaone munthu." Ankalankhula akuyang'ana m'kapu. Ankakumbuka. Koma kukumbuka kukanatanthauza kuti iwo anakoka miyendo kuti mbuzi idutse, kenaka n'kukaimirira pakhomo la mkazi wamasiye akulozera anyamata pofufuza.

Atate anandigwira khutu. "Khala pansi, usanichitise manyazi."

Palibe anagwetsa kapu. Anamaliza tiyi, ena anathira masikono m'matumba kuti akapatse ana, anathokoza n'kumapita. Wansembe wathu anali watsopano, anati nkhani za antchito ndi za khonsolo. Khonsolo inakhala pansi n'kugamula kuti pofuna mtendere ba Esinati achoke. Anachoka ndi matiresi pamutu, palibe wowaperekeza.

Anthu ena amayembekezera kuti pofika apa ndigwetse nkhope. Ayi. Ntchito ija inali yaukhondo, mbuzi yathunthu pakati pa mpingo wathunthu, ndi moni womwe. Ine ndinasuntha mbuzi kuchoka pamtengo kupita m'galimoto, n'kuibweza itadya bwino. Sindinaponye matiresi a munthu panja. Sindinanunkhize mphika. Ndinaima pamaso pa onse n'kunena kuti ndine, chimene akuluakulu ovala masuti analephera. Amene akufuna wolapa akayambire kwa a Mvula, nyumba yawo ndi ya malata obiriwira.

Ambuya ndiwo sanapezenso tulo. Buku lija analisiya, n'kulemba lina, la mbuzi yeniyeni, chilichonse monga chinachitikira, kungosintha maina. Linali loipa kuposa onse. Mai Zelipa ankalalikira m'malo mofufuza, ndipo wolakwa ankadziwika patsamba loyamba. Lachinayi amayi analeka kubwera. Ambuya ankawiritsabe madzi, kenaka n'kumwa okha.

Titamva kuti ba Esinati ali ku Silverest, tinakwera minibasi. Tinawapeza pamaploti pamene anthu a ku Lusaka akumanga nyumba, akutungira amisiri madzi, chigubu pamutu, miyendo yoyera ndi simenti. Ambuya, ndi ukulu wawo wonse, anagwada pamchenga n'kutulutsa bukulo m'dengu.

"Esinati, mwana wanga, nalemba vonse. Muli chilungamo umu."

Ba Esinati anatula chigubu. Bukulo sanalikhudze.

"Ambuya, imwe munapeza buku yanu. Ine ninataya nyumba."

"Niziba. Nikhululukile."

"Munali paja pa mutengo na pensulo. Ninakuonani." Anatembenukira kwa ine. "Na iwe kamwana, uyenda bwino na mbuzi."

"Zikomo," ndinatero.

"Nichite chani?" anafunsa ambuya.

"Ine siniziba kuwelenga. Ananichosa mu chechi pamaso pa anthu. Munthu aimilile mu chechi pa Sande, akambe kuti Esinati sanabe. Osati imwe, imwe amakusekani. Ba Mvula." Anasenza chigubu. "Manje nipite, ba foromani aniona."

M'minibasi pobwerera ambuya sanagulitse buku ngakhale limodzi. Tikuyandikira kwathu anandiuza kuti sadzalowanso m'tchalitchi mpaka mawu aja atanenedwa. Ndinaganiza kuti ndi zokamba chabe. Anapita kwa a Mvula, anapita kwa wansembe, anapita ku misonkhano ya khonsolo imene sanaitanidwe. Kulikonse ankauzidwa kuti nkhani inatha kale, kuidzutsa n'kugawa mpingo.

Lamulungu lotsatira anafika ndi thumba lopinda, naliyala pa sitepe ya kumanzere kwa chitseko chachikulu, pamene ba Esinati ankatsamiritsa matsache awo. Anakhala pamenepo. Misa yonse anaimvera panja, ndi Lamulungu linalo, ndi linalo, dzinja ndi chilimwe, mvula ikagwa ali ndi ambulera ya amuna awo. Poyamba anthu ankawanyengerera. Kenaka anazolowera, n'kumangowalambalala ndi moni wa mwauka bwanji ambuya. Wansembe ankatuluka kukawapatsa Ukalistia pomwepo, osayang'ana kumbali. Ine ndili m'kwaya ndinkawaona pachitseko. Nthawi ya zolengeza ikafika, a Mvula akakwera kutsogolo ndi mapepala awo, ambuya ankakweza duku kuchotsa pakhutu n'kupendeketsa mutu. A Mvula ankalengeza maukwati, mphakati wosesa sabata imeneyo, chipewa cha mwana chotoledwa pabwalo. Akatsika, ambuya ankabweza duku.

Miyendo itayamba kukana, ndinkawakankha pawilibala kuchokera kunyumba. Ankandilamula kuti ndithamange pamabampu kuti amve ngati vani yadzuka. Atafooka kwenikweni, a khonsolo anatuma uthenga woti abwera kudzawapempherera. Ambuya anayankha kuti mapemphero ali nawo okwanira, chimene akusowa ndi chiganizo chimodzi, ndipo akhoza kuwatayipira ngati kulemba kukuwavuta. Sanabwere.

Atamwalira ndinatumiza uthenga ku Silverest kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Ba Esinati pamaliro sanafike. Kondakitala anati iwo anangofunsa ngati a Mvula alengeza mawu aja m'tchalitchi.

Sitepe ija ilipo. Simenti yake ndi yosalala kuposa inzake, ndipo pakhoma, pamsinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi, pali chibanga cha mafuta chimene laimu wakanika kuchibisa. Lamulungu loyamba maliro atatha panalibe kanthu, koma anthu ankapalambalalabe, ena mpaka kutsegula pakamwa kuti apereke moni. Zikuoneka kuti zinawasowetsa mtendere, chifukwa sabata yotsatira khonsolo inaikapo kampando, pamwamba pake chidebe cha mpopi, ndi sopo pa kambale. Mpopiwo sutseka bwino, madzi amadontha n'kutsetsereka ndi sitepe mpaka m'fumbi. Tsopano palibe amalambalala. Aliyense amaima pomwepo, kusamba m'manja, n'kulowa.